Mendulo Zisanu za John Kerry ndi Voti Imodzi ya Nkhondo ya ku Iraq

Pa chisankho cha pulezidenti wa dziko la America mu 2004, amene ankalimbirana mpando anali George W. Bush wa chipani cha Republican ndi John Kerry wa chipani cha Democratic. Bush anali kale pampando. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, iyeyu anatumikira m'gulu la asilikali oyendetsa ndege la ku Texas, ndipo ku Vietnam sanapondeko phazi. Wachiwiri wake, Dick Cheney, anapatsidwa chilolezo kasanu konse choti asaitanidwe ku usilikali. Kerry anachita kupempha yekha kuti amutumize kumeneko, anavulala katatu, n'kubwerako ndi mendulo zisanu. Popeza dzikolo linali pa nkhondo ku Iraq ndi ku Afghanistan, munthu akanaganiza kuti pa nkhani ya nkhondo palibe amene akanamugwedeza Kerry. Koma ndi pomwepo pamene anamupezerera, mpaka anagonja.

Ambiri akamakamba nkhaniyi amangoti anamuipitsira mbiri ndi mabodza. Mabodzawo analipodi. Koma ine ndimaona kuti vuto linayamba mu 2002, kutatsala pafupifupi zaka ziwiri kuti mabodzawo atuluke, tsiku limene Kerry anavotera nkhondo ya ku Iraq, imene pambuyo pake ankalephera kunena mosapita m'mbali ngati ankaifuna kapena ayi. Iye anadalira mbiri yake ya usilikali kuti imuyankhire funso limeneli, chonsecho mbiri ya zimene munthu anachita ali mnyamata singayankhe za nkhondo ya lero.

Malamulo oyendetsera dziko la America amati mphamvu yolengeza nkhondo ili m'manja mwa Congress, nyumba ya malamulo yomwe ili ndi mbali ziwiri: Senate, momwe muli maseneta 100, ndi House of Representatives, ya aphungu 435. Pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali onse, koma amene analemba malamulowo sankafuna kuti munthu mmodzi azilowetsa dziko m'nkhondo mwa kufuna kwake. Komabe Congress inalengeza nkhondo komaliza mu 1942. Chiyambireni pamenepo, aphungu amangovotera chikalata chopatsa pulezidenti chilolezo chogwiritsa ntchito asilikali iye akaona kuti n'koyenera. Phungu wovotera chilolezo chotere angathe kudzanena mawa kuti iye sanavotere nkhondo, anangopatsa pulezidenti mphamvu zoopsezera mdani. Nkhondo ikayenda bwino amatamandidwa nawo, ikavuta mlandu amaukankhira kwa pulezidenti. Nkhondo ya ku Vietnam inakula mwa njira imeneyi, kudzera m'chilolezo cha Gulf of Tonkin cha mu Ogasiti 1964 chimene maseneta awiri okha ndiwo anachikana. Asilikali a America oposa 58,000 anafera kumeneko, osawerengera eni dziko mamiliyoni.

Kerry anapita kukatsogolera maboti ang'onoang'ono othamanga otchedwa Swift mu Novembala 1968, ali ndi zaka 24. Mabotiwa ankalondera mitsinje ya kummwera kwa Vietnam, ndipo iye anagwira ntchitoyo miyezi inayi. Lamulo la asilikali apamadzi linkalola munthu wovulala katatu kubwerera kwawo. Atabwerera analowa gulu la asilikali akale otsutsa nkhondoyo, Vietnam Veterans Against the War, ndipo pa 22 Epulo 1971 anakalankhula pamaso pa komiti ya Senate yoona za ubale ndi mayiko akunja. Kumeneko ndi kumene anafunsa funso limene linamutchukitsa: kodi munthu mungamupemphe bwanji kuti akhale womaliza kufera cholakwa? Anafotokozanso nkhanza zimene asilikali anzake anaulula pa msonkhano wa ku Detroit kumayambiriro kwa chakacho, zonga kupha anthu wamba, kugwirira amayi ndi kutentha midzi. Mawa lake iye ndi anzake anaponya zizindikiro za ulemu wawo wa usilikali kuseri kwa mpanda wa nyumba ya malamulo.

Choncho mbiri yake inali ndi mbali ziwiri kuyambira pachiyambi, msilikali amene anamenya nkhondo ndi msilikali amene anabwera kudzaitsutsa. Zonse zinali zoona, ndipo kwa ine mbali yachiwiriyo ndi imene inafuna mtima wolimba koposa.

Voti ya 2002 simveka bwino popanda ya Januwale 1991. Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq, anali atalanda Kuwait, ndipo George H. W. Bush, bambo ake a Bush wamng'onoyu, anapempha chilolezo chokamuthamangitsa. Senate inavomera movutikira, mavoti 52 kwa 47. Kerry, yemwe anali seneta kuyambira 1985, anakana pamodzi ndi anzake ambiri a Democratic, ponena kuti zilango za zachuma zipatsidwe kaye nthawi. Nkhondo yapamtunda inatha m'maola 100 okha, asilikali n'kubwerera kwawo akuwomberedwa m'manja. Sam Nunn wa ku Georgia, amene anatsogolera okanawo ndipo ankatchulidwa kuti angadzaime pa upulezidenti, sanaimenso. Al Gore, mmodzi mwa maseneta 10 a Democratic amene anavomera, ndi amene Bill Clinton anamutenga kukhala womutsatira mu 1992. Andale a ku Washington anatolapo phunziro loopsa, lakuti wofuna mpando wa pulezidenti asayerekeze kuoneka wamantha pa nkhani ya nkhondo.

Kenako panabwera 11 Seputembala 2001, pamene zigawenga za al-Qaeda zinapha anthu pafupifupi 3,000. Patangopita chaka, boma la Bush linali kalikiliki kuuza dziko kuti Saddam ali ndi zida za poizoni ndi za tizilombo toyambitsa matenda, kuti akusakasaka bomba la nyukiliya, ndiponso kuti tsiku lina angadzapatse zigawenga zidazo. Voti ya chilolezo inachitika mu Okutobala 2002, kutatsala milungu yosakwana inayi kuti anthu aponye voti yosankha aphungu pa 5 Novembala. Phungu aliyense ankadziwa kuti akakana, voti yakeyo ikamutsatira kwawo pa wailesi yakanema. Mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo tingazione pa Max Cleland, seneta wa ku Georgia amene anaduka miyendo yonse iwiri ndi mkono umodzi ku Vietnam. Iye anavomera chilolezocho, koma omutsutsa anaulutsa uthenga woonetsa zithunzi za Osama bin Laden ndi Saddam pomudzudzula kuti sankathandiza pulezidenti pa za chitetezo cha m'dziko, ndipo mpando wake unapita.

Mabungwe a akazitape anapereka kwa aphungu lipoti lachinsinsi la masamba pafupifupi 90 lonena za zida za Saddam. Maseneta ochepa okha ndiwo analiwerenga lonse. M'katimo munali kukayikira: akatswiri a unduna woona za mayiko akunja sankakhutira kuti Iraq yayambiranso ntchito ya nyukiliya, ndipo a unduna wa zamphamvu ankati mapaipi a aluminiyamu amene boma linkalozera sanali oyenerera ntchito imeneyo. Bob Graham, wapampando wa komiti ya Senate yoona za akazitape, analiwerenga ndipo anakana. Robert Byrd anachonderera anzake kuti asapereke mphamvu zawo kwa munthu mmodzi mwaphuma. Ted Kennedy, seneta mnzake wa Kerry wa ku Massachusetts komweko, anakananso. Pa 11 Okutobala Senate inavomera ndi mavoti 77 kwa 23. Mwa a Democratic, 29 anavomera ndipo 21 anakana. Tikayang'ana mayina a ovomerawo timapezamo John Kerry, John Edwards, Joe Lieberman, Hillary Clinton, Joe Biden ndi Chris Dodd, onse anthu amene pambuyo pake anadzaima pa upulezidenti. Kuopa Saddam sikunali kopanda maziko, chifukwa munthuyo anali atapha kale anthu a m'dziko lake lomwe ndi mpweya wa poizoni ku Halabja mu 1988. Koma chipani chikagawikana pafupifupi pakati, pomwe ofuna mpando waukulu pafupifupi onse akugwera mbali imodzi, n'zovuta kukana kuti nkhawa ya mmene adzaonekere kwa ovota inalowerera pa nkhani ya miyoyo ya anthu.

Polankhula mu Senate asanavote, Kerry anati akupereka chilolezo kuti Saddam alandidwe zida, ndipo akuyembekezera kuti pulezidenti agwira ntchito ndi bungwe la United Nations n'kulowa m'nkhondo pokhapokha njira zina zonse zitakanika. Koma zofuna zakezo sizinalembedwe motero m'chikalata chimene anavotera. Chikalatacho chinasiya m'manja mwa pulezidenti kuti aone yekha pamene mphamvu ikufunika. Ofufuza zida a United Nations, motsogozedwa ndi Hans Blix, analowa mu Iraq kumapeto kwa 2002, sanapeze zidazo, ndipo anapempha nthawi ina. Sanapatsidwe. Nkhondo inayamba pa 20 Malichi 2003, ndipo pa 1 Meyi Bush anatera pa sitima yankhondo ya Abraham Lincoln atavala zovala za woyendetsa ndege yankhondo, kumbuyo kwake kuli chinsalu cholengeza kuti ntchito yatheka. Kumbali ya Bush nakonso, chithunzi cha msilikali chinali kukonzedwa mosamala.

Chaka chimenecho chisanathe, zinthu ku Iraq zinasokonekera, ndipo mamembala a chipani cha Democratic anakwiya ndi atsogoleri awo. Howard Dean, yemwe kale anali bwanamkubwa wa Vermont, anali atakana nkhondoyo kuyambira pachiyambi, ndipo anthu anayamba kukhamukira kwa iye pokonzekera chisankho cha chipulula. Iyi ndi nthawi imene Bush anapempha madola 87 biliyoni oyendetsera nkhondo ndi kumanganso Iraq ndi Afghanistan. Kerry anagwirizana ndi ganizo la Biden loti ndalamazo zichokere pobweza msonkho umene Bush anachotsera anthu olemera kwambiri. Ganizolo litakanidwa, Kerry anakana bilu yonse, n'kukhala mmodzi mwa maseneta 12 okha okana. Tsopano anali ndi mavoti awiri oyang'ana kosiyana: anavomera nkhondo, n'kukana ndalama zake. Mu Malichi 2004, ali ku West Virginia, anayesa kufotokoza ndipo anati iye anavoteradi madola 87 biliyoniwo asanawakane. Potengera mmene nyumba ya malamulo imagwirira ntchito, ananena zoona. Koma a kampeni ya Bush anatenga mawu amenewo n'kumawaulutsa mpaka tsiku la chisankho, ndipo dzina la mthirakuwiri linamumatirira.

Chimene chinapulumutsa Kerry pa chipulula ndi Vietnam. Kumapeto kwa 2003 kampeni yake inali itatsala pang'ono kugwa, moti anachita kukongola ndalama poika nyumba yake ya ku Boston ngati chikole. Kutatsala masiku awiri kuti anthu a ku Iowa asankhe, kunatulukira Jim Rassmann, msilikali amene Kerry anamuvuula mumtsinje mu Malichi 1969. Munthuyo anali wa chipani cha Republican, ndipo anakumbatirana ndi Kerry makamera akujambula. Pa 19 Januwale 2004 Kerry anapambana ku Iowa, Dean n'kukhala wachitatu. Ambiri amene anamuvotera ankadana ndi nkhondo ya ku Iraq mofanana ndi otsatira Dean, koma anawerengera kuti munthu wa mendulo ndi amene a Republican sangamunene kuti ndi wamantha. Anasankha chithunzi chimene ankaganiza kuti anthu ena adzachikonda, kusiya maganizo amene iwo eni anali nawo.

Msonkhano waukulu wa chipani, umene unachitikira ku Boston kumapeto kwa Julayi, unamangidwa wonse pa chithunzi chimenechi. Kerry anafika mumzindawo pa boti pamodzi ndi amuna amene anali nawo ku Vietnam. Max Cleland ndi amene anamuitanira kutsogolo. Iye anayamba ndi kuperekera sawatcha, n'kunena kuti ndi John Kerry ndipo wabwera kudzayamba ntchito. Za miyezi inayi ya ku Vietnam zinakambidwa kwambiri, za zaka pafupifupi 20 za mu Senate pang'ono chabe, ndipo za 1971 anangozilambalala. Panthawiyo David Kay, amene boma la Bush lomwelo linamutuma kukasaka zida ku Iraq, anali atauza kale Senate mu Januwale kuti pafupifupi onse analakwitsa. Zithunzi za nkhanza za kundende ya Abu Ghraib ku Iraq zinali zitatuluka mu Epulo. Munthu amene ali ndi zaka 27 anaima pamaso pa maseneta n'kunena za nkhanza za nkhondo anali ndi chifukwa chokwanira choyankhuliranso motero. Alangizi ake anaona kuti kutero n'kudziika pangozi.

Kumayambiriro kwa Ogasiti gulu lotchedwa Swift Boat Veterans for Truth, lotsogozedwa ndi John O'Neill ndipo lothandizidwa ndi ndalama za anthu olemera a ku Texas monga Bob Perry ndi T. Boone Pickens, linaulutsa uthenga wonena kuti Kerry ananama kuti apeze mendulo zake. Uthengawo anaugulira nthawi m'zigawo zitatu zokha, koma mawailesi akanema a nkhani anaubwereza ulere usana ndi usiku pokambirana za iwo. Zonenazo zitafufuzidwa, zambiri zinagwa. Pafupifupi onse amene anakwera boti limodzi ndi Kerry anaima naye. Mmodzi mwa omutsutsa, amene ankati tsiku lovuula Rassmann kunalibe kuwombera kwa adani, anapezeka kuti chikalata cha mendulo yake yomwe ya tsiku lomwelo chimatchula za kuwomberako. John McCain, wa chipani cha Bush ndipo amene anakhala mkaidi wankhondo ku Vietnam, anati uthengawo unali wachinyengo ndi wopanda ulemu. Mu Seputembala mkulu wofufuza wa asilikali apamadzi anati mendulozo zinaperekedwa motsatira ndondomeko. Panali malo amodzi pamene Kerry anaterereka: kwa zaka zambiri ankanena kuti Khirisimasi ya 1968 inamupeza ku Cambodia, ndipo a kampeni yake analephera kutsimikizira tsikulo.

Kerry anakhala pafupifupi milungu iwiri osayankha yekha. Alangizi ake ankati kuyankha n'kukuza nkhani. Panalinso vuto la ndalama: atalandira madola pafupifupi 75 miliyoni a boma oyendetsera kampeni kumapeto kwa Julayi, anayenera kuwasunga mpaka Novembala, pomwe Bush anali ndi mwezi wina wathunthu wogwiritsa ntchito ndalama zimene anatolera yekha, popeza msonkhano wa chipani chake unali kumapeto kwa Ogasiti. Koma bala lenileni linabwera ndi uthenga wachiwiri wa gululo, umene unagwiritsa ntchito mawu a Kerry mwiniwake a mu 1971. Apa panalibe chopeka pa mkwiyo wa anthuwo. Asilikali akale ambiri, kuphatikizapo ena amene anali akaidi ku Hanoi, anakhala zaka zoposa 30 akuona kuti Kerry anawapaka matope onse. Mbali ya mbiri imene kampeni inabisa ndi imene adani anadzaifotokoza m'mawu awo, ndipo anthu ambiri anaimva koyamba kuchokera kwa iwo.

Mwezi womwewo Bush anamuponyera funso lolunjika: podziwa zimene tikudziwa tsopano, kodi akanavoterabe chilolezocho? Pa 9 Ogasiti, ataima ku Grand Canyon, Kerry anayankha kuti inde, akanavoterabe, chifukwa ndi mphamvu imene pulezidenti ayenera kukhala nayo, kungoti iye akanaigwiritsa ntchito mwa njira ina. Pasanathe mwezi anati iyi inali nkhondo yolakwika, pamalo olakwika, pa nthawi yolakwika. Mapanga awiri avumbwitsa. Odana ndi nkhondo anakhumudwa ndi yankho loyamba, oikonda anakwiya ndi lachiwiri, ndipo a Bush anatulutsa uthenga woonetsa Kerry akusewera pamadzi ndi kabwato ka thanga ku Nantucket, akutembenukira uku ndi uku motsatira mphepo. Chithunzicho chinamenya pawiri, chifukwa chinkakumbutsanso anthu kuti ndi munthu wolemera, wolankhula Chifalansa, wokwatira Teresa Heinz, mayi wachuma chambiri amene anabadwira ku Mozambique, mumzinda umene lero ndi Maputo.

Pa mtsutso woyamba wa pa 30 Seputembala ku Florida, Kerry analankhula bwino kuposa Bush, ndipo ambiri oonera anavomereza zimenezo. Anati iye analakwitsa kalankhulidwe pa za nkhondoyo, koma pulezidenti analakwitsa polowa mu Iraq, ndiye cholakwa chachikulu n'chiti? Komabe mtolankhani Jim Lehrer atamukumbutsa funso lake la mu 1971 n'kumufunsa ngati anthu a ku America akufera cholakwa ku Iraq, Kerry anayankha kuti ayi, ndipo sayenera kutero ngati pali utsogoleri wabwino. Asilikali a America ofera ku Iraq anali atangopitirira 1,000 mwezi womwewo. Yankho limenelo limandipweteka kuposa bodza lililonse limene anamunenera, chifukwa palibe wina mu ndale za America amene anali ndi ufulu woyankha funsolo kuposa iye. Bush sankasowa chonena: mtsogoleri wa asilikali angawauze bwanji anyamata ake kuti akumenya nkhondo yolakwika? Maganizo a Bush pa Iraq anali olakwika, ndipo lipoti la mu Okutobala la Charles Duelfer, mkulu wa ofufuza zida a boma la America ku Iraq, linatsimikiza kuti nkhokwe za zida zija kunalibe. Koma maganizowo anali amodzi, osavuta kuwamva, ndipo anthu amantha amakonda mtsogoleri amene akudziwa pomwe waima.

Pa 29 Okutobala kunatuluka kanema wa Osama bin Laden, n'kubwezeretsa maganizo a anthu pa uchigawenga. Pa 2 Novembala Bush anapeza mavoti pafupifupi 62 miliyoni, Kerry 59 miliyoni. Pa mavoti a nthumwi za zigawo, amene ndiwo amasankhadi pulezidenti, Bush anapeza 286 ndipo Kerry 251. Chigawo cha Ohio, cha nthumwi 20, chikanatembenuza zonse, ndipo Bush anachitenga ndi mavoti pafupifupi 118,000. Pasanathe sabata, asilikali a America analowa mumzinda wa Fallujah. Pomwe ankatuluka mu Iraq mu 2011 anali atataya asilikali pafupifupi 4,500, ndipo anthu wamba a ku Iraq amene imfa zawo zinalembedwa anali oposa 100,000. Anthu amenewa sanatchulidwe kawirikawiri m'miyezi yonse imene America inkakangana za kukula kwa mabala a Kerry a mu 1968 ndi 1969.

Phunziro la 1991 linatembenuka. Edwards analemba mu Novembala 2005 kuti analakwa, ndipo Kerry nayenso anadzavomereza kuti voti yake inali yolakwika. Mu 2008 Hillary Clinton, amene voti yomweyo inkaoneka ngati yomuteteza, anagonja pa chipulula kwa Barack Obama, yemwe mu Okutobala 2002, ali phungu chabe wa nyumba ya malamulo ya ku Illinois, analankhula ku Chicago kuti sadana ndi nkhondo zonse koma amadana ndi nkhondo yopusa. Komatu chithunzi cha wokana nkhondo nachonso sichinauze ovota zonse. Obama anawonjezera asilikali 30,000 ku Afghanistan kumapeto kwa 2009, ndipo mu 2011 anaponya mabomba ku Libya popanda chilolezo cha Congress.

Kerry anakhala nduna yoona za mayiko akunja mu 2013. Anthu mazanamazana ataphedwa ndi mpweya wa poizoni ku Ghouta, kufupi ndi Damascus, mu Ogasiti chaka chimenecho, iye ndi amene anatumidwa ku Senate kukapempha chilolezo choponya mabomba ku Syria. Nyumba ya malamulo ya ku Britain inali itakana kale, mavoti 285 kwa 272. Komiti ya Senate inavomera ndi mavoti 10 kwa 7, koma aphungu ambiri a zipani zonse ziwiri, amene ankalandira mafoni a anthu akwawo okumbukira Iraq, anaonetsa kuti akana. Voti ya nyumba yonse sinachitike. America ndi Russia anagwirizana mu Seputembala kuti Syria ipereke zida zake za poizoni, ndipo pempho la chilolezo linangosiyidwa.